Njere Ziwiri Mumphika wa Diso

1

Anthu a ku Chipera amati pakamwa panga ndi pachibale ndi chigayo cha a Jacinto: pakalira m'mawa, pamadzazima mafuta atatha. Ine sinditsutsa. Mulungu anapatsa ena ng'ombe, ena golide, ine anandipatsa nkhani. Dzina langa ndine Quitéria. Pakamwa pomwepa ndi pamene panandipezera ntchito, ndipo ndi pomweponso panandigwedezera banja. Ndikuuzeni ndekha, chifukwa mukamva kwa komadre wanga Marta, mnzanga wapamtima, athiramo mchere wambiri.

Zinayamba ndi Sinyoro Osório, bambo wa kamimba wa ku Fíngoè, wogwira ntchito ku bungwe lina la ku Tete. Anafika pa mota, njinga yamoto yotsokomola, n'kutipeza amayi tili pamzere pachigayo.

"Mabwana anga akufuna kudziwa," anatero akupukuta fumbi m'maso, "kuti m'dera lino ndi anthu angati amene amapita kutchire kukasangalala ndi nyama: osaka, owedza, ndi ongoziyang'ana."

Tinayang'anana.

"Kukasangalala?" ndinafunsa ine, poti wina aliyense anali atatseka pakamwa ndi kapulana, chitenje chathu cha kuno. "Sinyoro, kutchire timapitirako zinthu zitatu: nkhuni, ndiwo ndi kudzithandiza. Chachinayi chilipo, koma sitinena pali ana."

Munthu uja sanaseke. Anakhala pa thumba la chimanga cha mwini wake n'kuyamba kudandaula ngati wofedwa. Akuti chaka chinacho bungwe linatumiza magalimoto, anyamata a mafoni akuluakulu, ogona m'mapensau, nyumba za alendo zolipira, odya nkhuku tsiku ndi tsiku. Anafunsa midzi ingapo ya m'mbali mwa msewu, ndalama n'kutha asanaone n'komwe denga la ku Chipera.

"Chaka chino andipatsa mota iyi ndi mawu awiri: chepetsa mtengo. Khomo ndi khomo ndikafika liti ine ndekha?"

Apa ndiye mutu wanga unagwira ntchito, mwatsoka.

"Mukuvutikiranji? Aliyense amene amadya m'dera lino amadutsa pano. Akazi timabwera kudzagayitsa, amuna amabwera kudzatchajitsa mafoni ndi kumwa pa baraka apo. Ikani miphika itatu. Wina wa osaka, wina wa owedza, wina wa anthu anu ongoyang'anawo. Mwamuna aponye njere ya chimanga, mkazi aponye nyemba. Mwezi ukatha mudzangowerenga."

"Nanga pepala?"

"Palibe pepala."

"Nanga njerezo agule ndani?"

"Aliyense abwere ndi yake."

Sinyoro Osório anaimirira pang'onopang'ono, misozi ili lengelenge. "Dona Quitéria," anatero, "mwapulumutsa porojeto." Tsiku lomwelo anandiveka kamizeti ya chithunzi cha njovu, n'kunditcha woyang'anira miphika. Ndinayenda nayo mpaka kutchalitchi.

2

Miphika tinaiika kuseri kwa chigayo, n'kutchinga ndi mphasa kuti munthu aziponya mwachinsinsi. Ndinajambula ndi makala: uta pa woyamba, mbedza pa wachiwiri, diso pa wachitatu.

Tsiku loyamba nkhuku za a Jacinto zinalowa pansi pa mphasa n'kudya amuna onse, n'kusiya akazi okhaokha. Ndinaimbira Sinyoro Osório. Anati tiyambirenso, koma zisamveke ku Tete. Tinamata miphika ija ndi dothi n'kusiya kabowo kolowa njere basi.

Mphika wa diso ndiye unali choseketsa cha mudzi wonse. Munthu wamkulu, wa ana ake, kudzuka n'kupita kutchire kukangoyang'ana nyama, osaigenda, osaidya? Ine ndinalengeza ndekha pachigayo kuti woteroyo ngati si wamisala ndiye kuti ndi mfiti, ndipo anthu anawomba m'manja.

Kunyumba nkhani zonsezi ndinkazikhuthulira mwamuna wanga, Zeferino, bambo a Lina. Iwowa ndi mkamwini, anachokera ku Malowera kudzamanga pamalo pa amayi anga. Munthu wofatsa, wa mawu owerengeka. Ukawafotokozera nkhani kuyambira pachitsime mpaka pamaliro, yankho lawo ndi "Oo." Masana ena ankanyamula nkhwangwa n'kunena kuti akukayendera misampha. Koma misampha yawoyo inali yachifundo, sinagwirepo ngakhale buluzi.

Amayi anga, a masiye, amakhala kanyumba koyang'anana ndi kathu. Nawonso sankapezeka pakhomo kawirikawiri, ankati akukakumba mankhwala a nyamakazi. Ndiye masiku ena nkhani zanga ndinkauza mbuzi.

Ulemu wa pakati pa awiriwa unali wotchuka. Mukudziwa kuti mkamwini ndi apongozi ake sayang'anana kumaso, sadyera pamodzi, satchulana maina. Koma Zeferino anapitirira muyeso. Tsiku lina atakumana ndi amayi pa kanjira kopapatiza, anadumphira patchire osayang'ana, n'kugwera m'chitedze. Anadzikanda mpaka Lamulungu, osadandaula ngakhale kamodzi. Ndinkanyadira nazo zimenezi, ndipo ndinazifotokoza paliponse.

3

Mwezi utatha Sinyoro Osório anabwera. Malamulo ankati miphika ikatsegulidwe ku Fíngoè, koma iye atayang'ana mota yake ndi maenje a mumsewu, anati kugula dengu ndi zingwe n'kuwononga chuma cha porojeto. Tinayala mphasa pabwalo la chigayo, mudzi wonse utazungulira.

Mphika wa uta unatuluka chimanga chodzaza lichero. Amuna amene sanaphepo ngakhale mbewa anali kuyang'ana uku ndi uku monyada. Wa mbedza unatuluka zosakaniza. Kenaka ndinanyamula wa diso n'kuugwedeza kuti anthu aseke.

Unalira. Kho, kho.

Ndinauswa pakamwa n'kuupendeketsa. Panagwa njere ziwiri, n'kugubuduka, n'kukaima zitagundana. Chimanga chimodzi. Nyemba imodzi.

Bwalo lonse linaphulika. Mwamuna m'modzi ndi mkazi m'modzi, kutchire, "kukangoyang'ana"! Ndani wabadwa dzulo?

"Zokongola kwambiri!" anafuula Sinyoro Osório. "Amuna ndi akazi mofanana ndendende! Mabwana akasangalala."

Ine ndiye ndinali pa ntchito yanga yeniyeni. Ndinatola nyemba ija n'kuikweza m'mwamba. Inali yofumbwa, ya mabowo awiri.

"Taonani, anthuni! Mkazi wake ndi ameneyu. Waumve! Nyemba zikufumbwa m'nyumba, iye ali kalikiliki ndi amuna a eni kutchire. Mwamuna wotengeka ndi mkazi wotere ndiye kuti kwawo amadya chiyani? Ndikulumbira, sabata lino lisanathe ndikhala nditawatchula maina onse awiri."

Anthu anagwa nacho chiseko. Koma komadre Marta sankaseka. Anali atatola njere inayo, akuitembenuza pachikhatho.

"Komadre," anatero motsitsa mawu, koma motsitsa mwa Marta, moti anamva ndi a pa baraka omwe, "chimanga ichi n'chofiira."

M'dera lathu lonse chimanga n'choyera. Chofiira chili mu nkhokwe imodzi yokha, mbewu imene mkamwini wina anabwera nayo kuchokera ku Malowera. Ine ndemwe ndinali nditauza mudzi wonse kukoma kwake.

"Chonde, chonde," anatero Sinyoro Osório akutambasula manja, "kafukufukuyu ndi wachinsinsi!"

Palibe anamumva. Maso onse anali pa njovu ya pachifuwa panga.

4

Zeferino ndinawapeza akusema mpini pansi pa mtengo wa masau.

"Bambo a Lina, munaponya mumphika uti?"

"Wa diso."

Osanama n'komwe! Mtima unandiwawa kawiri.

"Nanga misampha?"

"Ndilibe misampha."

"Ndiye mumakayang'ana chiyani?"

"Anang'omba."

"Anang'omba! Mbalame! Anang'omba ake ovala kapulana? Nyemba ija ndi ndani?"

Anayang'ana mpini.

"Mukumudziwa kapena ayi?"

"Ndikudziwa. Koma dzinalo silingatuluke pakamwa panga."

"Mayo ine! Mpaka kumubisa! Munayamba liti?"

"Papita zaka."

"Zaka! Ndiye mumakambirana zotani kumeneko, inu amene kuno mumangoti oo?"

"Sitinalankhulanepo."

Apa ndiye ndinaona mdima. Anthu amene salankhulana n'komwe ndiye kuti afika patali. Ndinalowa m'nyumba n'kutulutsa khasu lawo, nkhwangwa, bulangete, wailesi ndi nsapato za kutchalitchi, n'kuziunjika pabwalo. Kwathu kuno mkamwini akaona katundu wake panja safunsa tanthauzo. Anatola mwakachetechete n'kukagona m'kamsasa ka kudimba.

Amayi anatuluka m'nyumba mwawo akutsimphina.

"Iwe Quitéria, bweza katundu wa apongozi."

"Amayi, musalowerere."

"Tamvera kaye, ndikuuze..."

"Mundiuza chiyani? Kuti ndipirire? Inu munapirira bambo, zinakupindulirani chiyani? Mukumudziwa mkazi wa nyemba yofumbwa inu? Ine ndimupeza, ndipo ndikamupeza adzalakalaka akanabadwa mbuzi."

"Mwana iwe, nyembayo..."

"Yofumbwa! Ndaiona ndi maso angawa!"

Ndinapitiriza. Sindikudziwa kuti ndinalankhula nthawi yaitali bwanji, koma pamene ndinkapuma, amayi anali atalowa kale, chitseko chili chotseka.

M'mawa ndinapita kwa malume anga a Moisés, mchimwene wa amayi, amene ndi nkhoswe ya banja lathu. Anamvetsera akufwenkha fodya.

"Mphwanga, njere si umboni. Ine sindingathetse ukwati chifukwa cha ndiwo. Ukawagwire, ndione ndi maso."

Sitinadikire nthawi yaitali. Loweruka masana komadre Marta anafika akupuma wefuwefu: Zeferino walowera ku dambo la kuseri kwa phiri. Ndinamanga kapulana m'chiuno. Malume anatenga chipewa. Mzere wonse wa pachigayo unasiya matumba n'kutitsatira. Ngakhale Sinyoro Osório, amene anabwera kudzatenga zigoba za miphika, anakhoma mota yake n'kulowa pagulu. Akuti mabwana amafuna kuti manambala azitsimikizidwa, ndipo kutsimikiza kwaulere ngati kumeneku sikupezeka kawiri.

5

Tinayenda chonyang'ama, malume akundikodola kuti nditseke pakamwa. Titafika pa mitengo ya m'mphepete mwa dambo, ndinawaona.

Zeferino anali pa chulu, manja pa mawondo. Chapatali ndithu, poti kuponya mwala ungafike movutikira, panali mkazi atakhala pa chitsa, atafunda kapulana kumutu. Anafulatirana. Wina nkhope kum'mawa, wina kumadzulo, aliyense atapotoza khosi kuyang'ana pakati pa dambo.

Pakatipo pankayenda anang'omba. Zimbalame zazikulu zakuda, zofiira pakhosi, zikuponda pang'onopang'ono ngati madoda opita ku mlandu. Ina inatola kanthu mu udzu n'kukapatsa ina yotuwa pakhosi, imene inali kuvutitsa pambuyo. Ndisaname, kwa kamphindi ndinaiwala chimene ndinadzera. Ndinakhala zaka zonsezi kuno osadziwa kuti mbalamezi zili ndi nsidze.

Kenaka ndinakumbukira.

"Wakuba amuna iwe! Lero ndi lero!"

Mbalame zija zinathamanga n'kuuluka, nsonga za mapiko zikuyera mbee. Ndinadutsa dambo ndi liwiro limene sindinalidziwe, gulu likukuwa pambuyo panga. Ndinagwira kapulana ija n'kuisolola.

Imvi. Khutu lobooka lija. Maso aja.

"Wawathamangitsa," anatero amayi anga. "Anali ndi mwana."

Sindikudziwa ngati munamvapo anthu ochuluka chotero atakhala chete nthawi imodzi. Malume anavula chipewa, n'kuchivalanso, n'kuchivulanso. Zeferino, atamva mawu a apongozi ake poyera, anatsika pachulu n'kugwada mu udzu atafulatira.

"Achemwali," anatero malume, "n'chiyani chimenechi?"

"N'chimene mukuchionachi, achimwene. Tikuonera mbalame."

Anafotokoza osakweza mawu. Malowa anayamba kuwapeza ndi iwo, kalekale. Tsiku lina ali pachitsa anamva munthu akutsokomola, potembenuka n'kuona apongozi awo pachulu. Mwa mwambo wina anayenera kuthawa. Koma aliyense anadikira kuti athawe mnzake, ndipo panalibe amene anali ndi kwina kopita. Basi anangofulatirana. Kuyambira pamenepo, udzu ukakula pachitsa ankaupeza wosengedwa. Iwo akakazinga mtedza ankasiyako pang'ono pamwala wa pafupi ndi chulu. Moni sanapatsanepo.

"Nanga osandiuza bwanji?" ndinafunsa.

"Ndinayesa. Unandipatsa mpata?"

"Chabwino, koma kusiya nyumba zabwinobwino kudzakhala pa zitsa ngati akadzidzi, mukuthawa chiyani?"

Malume anayang'ana kumwamba. Komadre Marta anayamba kuchotsa chisoso pa kapulana yake. Mudzi wonse, anthu amene ndawasangalatsa ndi nkhani kuyambira ndili mtsikana, aliyense anapeza kanthu kochita ndi zala zake.

"Mwana wanga," anatero amayi, "iwe unayamba kulankhula usanamere mano. Bambo ako anapumula. Ife otsalafe tipumire kuti?"

Zinandilasa mumtima, anthu inu. Ndinafuna kulira, ndinafuna kutukwana, koma lilime linakana.

Amayi anadzuka, n'kulanda kapulana yawo m'manja mwanga.

"Ndipo nyemba yofumbwa ija ndinatapa m'dengu mwako. Zanga ndinathira phulusa."

Kumbuyo kunamveka kukhosomola kwaulemu. Anali Sinyoro Osório.

"Pepani, ndingofuna kumvetsa. Ndiye kuti manambala aja ndi oona?"

6

Madzulo omwewo ndinapita kudimba kukatenga katundu uja kuti ndimubwezere m'nyumba. Ndinapeza Zeferino atamanga kale mtolo.

"Za katundu panja ndikanaiwala, mayi a Lina," anatero. "Koma mwanditchula pamodzi ndi apongozi pamaso pa mudzi. Ana ayamba kale kuimba nyimbo. Ndizidutsa bwanji pakhomo pawo? Iwo azituluka bwanji?"

Aka kanali koyamba kuwamva akulankhula mawu ambiri chotero, ndipo ndinawadula pakamwa. Ndinapepesa. Ndinapepesa kuchokera kudimba mpaka pachitsime, kuchokera pachitsime mpaka pamsewu. Ndinafotokoza za nkhuku, za Marta, za mmene aliyense akanaganizira chimodzimodzi, za azakhali anga amene zinawachitikirapo zofanana. Lole yopita ku Fíngoè itaima, anaponya mtolo m'mwamba n'kunditembenukira.

"Ngakhale kupepesa kwanu kulibe popumira," anatero. N'kukwera.

Ndinamva kuti ali ku maenje a golide, akukumba ndi anthu obwera. Za Lina amatumiza kudzera kwa woyendetsa lole. Za ine satumiza kanthu.

Koma porojeto ndiye inayenda bwino, musafunse. Njira ya miphika inafika ku Malowera ndi kwina konse. Sinyoro Osório mabwana anamugulira mota yatsopano, ndipo akuti ku Tete anamuimiritsa pamsonkhano anthu n'kumuwombera m'manja. Anandibweretsera kamizeti yachiwiri, ya mvuu.

Amayi anakhala nyengo yonse ya dzinja osandiyankhula. Tsiku lina ndinawaona akutenga ndodo yawo, ndinawatsatira chapatali. Sanandibweze. Titafika ku dambo analoza chulu chija ndi ndodo, kenaka anatulutsa njere ya malambe n'kundipatsa.

"Vumata. Usalavule mpaka tibwerere."

Kukhala chete n'kowawa, abale. Nkhani zimakuyabwa m'khosi ngati chitedze chija. Tsiku loyamba ndinameza njereyo. Anang'omba sanabwere mwezi umenewo, ngakhale wotsatira. Amayi sanadandaule, ankangobwera n'kukhala, ine n'kumavumata.

Anadzabwera mvula itayandikira. Ndinayamba kumva kulira kwawo kwa pansipansi kuja, kenaka anatulukira mu udzu m'modzim'modzi. Wotuwa uja anali atayamba kufiira pakhosi. Ndinatembenuka kuti ndiuze munthu, n'kupeza kuti munthu amene ndinkafuna kumuuzayo ndakhalira malo ake.

Chaka chino miphika inabweranso. Tsiku lotsegula, Sinyoro Osório anapendeketsa yekha mphika wa diso. Panagwa nyemba ziwiri, zosalala bwino, poti ndinasankha ndi maso. Kenaka panagwa njere yachitatu. Chimanga chofiira.

"Wabwera?" anthu ananong'onezana. "Zeferino wabwera? Wamuona ndani?"

Onse anayang'ana ine, gwero la nkhani zonse za ku Chipera. Ndinangoti, "Oo."

7

Inu owerenga, ndikuuzeni chimene sindinauze Marta, kapena malume, kapena mabwana a ku Tete amene alemba m'mabuku awo kuti amuna oonera mbalame ku Chipera sanachepe. Zeferino sanabwere. Njere ija ndinaponya ndine. Ndinaitenga pa chimanga cha mbewu chimene anasiya chili chopachika kudenga la khitchini. Ndikudziwa kuti woyang'anira miphika sayenera kutero. Koma nditaponya nyemba yanga n'kumva ikugunda ya amayi m'katimo, sindinathe kuchoka kuseri kwa mphasa kuja ndisanamuikemo.

Sinyoro Osório amanyadira kuti kafukufuku wake ndi wotchipa kuposa onse m'chigawo chino. Ndi zoona, bungwe silinalipire kanthu. Analipira ndine.

Musandifunse malangizo a banja, ndilibe. Chimene ndingakuuzeni n'chakuti ngati m'nyumba mwanu muli munthu amene misampha yake sigwira kanthu, musayambe ndi kufunsa kuti akupita kwa ndani. Ine ndinafunsa funso limenelo mokuwa, dambo lonse linamva, pamene funso loyenera linali lakuti akuchoka kwa ndani.

Ndipo ndili ndi pempho kwa inu a ku Fíngoè, makamaka ogulitsa zakudya ku maenje. Mukaona bambo wamtali, wofatsa, amene amaimitsa khasu mbalame ikalira pamene anzake onse maso ali pa dothi, ameneyo ndi wanga. Musamuchulukitsire mawu, anatopa nawo. Mungomuuza kuti anang'omba abwerera, mwana uja wafiira pakhosi, ndipo pamwala paja pali mtedza.

Zina zonse zimene ndikanawonjezera, ndazivumata.